Mfunda wa Miyala ya ku Malambo

Munthu wochokera ku Lundazi akatsika zitunda nalowa m'chigwa cha Luangwa, chimene anthu adachitcha Malambo kuyambira kale, nayenda pakati pa mitengo ya tsanya kufikira atafika m'dziko la Mfumu Tembwe m'boma la Chama, zimene maso ake amayamba kuona ndizo minda ya mpunga ndi ya thonje, midzi ya Asenga yotsata mitsinje, ndiponso kutali kumadzulo mtandadza wa mapiri a Muchinga. Koma chimene sachiona, chingakhale achiponda ndi mapazi ake, ndicho miyala yosanjikizana yozama makilomita angapo, imene idayamba ili matope, mchenga ndi nsangalabwi zaka mamiliyoni ambiri dziko lisanamve liwu la munthu. Miyala imeneyi ili ndi mayina, ndipo mayinawo sadagwe kumwamba ayi. Adaperekedwa ndi anthu odziwika pa zaka zodziwika, ena modekha ndi ena mofulumira, ndipo mbiri ya kaperekedwe kake ndiyo ndifuna kuilongosola pano, popeza ndi mbiri ya dziko lathu lomwe lino imene ana a m'chigwamo saimva kawirikawiri.

Pa mwambo wathu, mlendo akafika pamudzi, atalandiridwa katundu napatsidwa pokhala ndi madzi akumwa, akuluakulu samufunsa dzina lokha, koma amamufunsanso mfunda wake ndi kumene adachokera makolo ake. Pakuti dzina limangosiyanitsa munthu ndi mnzake, pamene mfunda ndiwo umamulumikiza ndi anthu a kutsidya kwa mapiri. Ndipo akayankha kuti ndine Phiri, aPhiri a pamudzipo sathamangira kunena kuti ndiwe mbale wathu wa bere limodzi, koma amafunsabe za agogo ndi za midzi yakale kufikira mizere iwiriyo itakumana pa kholo limodzi, kapena italephera kukumana. Akatswiri a miyala nawonso ali ndi ntchito ziwiri zomwezo. Yoyamba ndiyo kutcha dzina muyalo uliwonse wa miyala, ndiko kuti gawo lokhala ndi maonekedwe akeake loti munthu angathe kulilondola ndi kulijambula pa mapu. Ndipo lamulo lawo, limene lidasonkhanitsidwa m'buku la malangizo a mayiko onse m'chaka cha 1976 motsogozedwa ndi Hollis Hedberg, likuti muyalo utenge dzina la mudzi, mtsinje kapena phiri kumene uonekera bwino, kuti wokayika apite komweko akadzionere yekha. Yachiwiri, imene ili yovuta koposa, ndiyo kutsimikiza kuti muyalo wa kuno ndi muyalo wa dziko lina idayalidwa nyengo imodzi.

Tisaganize kuti makolo a m'chigwa adali osadziwa miyala. Mayi wofuna mphero adadziwa mwala wokhakhala wosatha msanga, woumba mbiya adadziwa mtapo wa dothi losang'aluka pamoto, mlenje adadziwa ponolera mkondo wake, ndipo wokumba chitsime m'chilimwe adadziwa mchenga wosunga madzi ndi makande osasunga. Chimene alendo adadza nacho ndi funso lina, lakuti mwa miyala yonseyi wamkulu kubadwa ndi uti. Funsolo lidayamba kuyankhidwa ku Ulaya, pamene Nicolas Steno adalemba mu 1669 kuti pa miyalo yosasokonezeka wapansi ndiwo udayamba kuyalidwa ndipo wapamwamba udatsatira. Ndipo pambuyo pake William Smith, munthu wosaphunzira kwambiri amene ntchito yake idali yoyeza njira za ngalande ku England, ataona tsiku ndi tsiku zimene makasu a antchito ake adali kufukula, adazindikira kuti muyalo uliwonse uli ndi zigoba zakezake za zamoyo zakale zosanduka miyala, kotero kuti munthu wodziwa zigobazo angathe kuuzindikira muyalowo ngakhale kutali kumene mtundu wa mwala wasintha. Mapu ake a miyala ya England ndi Wales adatuluka mu 1815.

Miyala yambiri imene Smith adaphunzirirapo nzeru imeneyi ndi ya nyengo imene lero itchedwa Jurassic, dzina limene Alexandre Brongniart adalikhazikitsa mu 1829 potengera mapiri a Jura a m'malire a France ndi Switzerland. Nyengoyo idayamba zaka pafupifupi 201 miliyoni zapitazo nitha zaka pafupifupi 145 miliyoni zapitazo. Isanafike padali Triassic, imene Friedrich von Alberti adaitcha dzina mu 1834, ndipo Triassic isanafike padali Permian, imene Roderick Murchison adaitcha mu 1841 potengera dera la Perm ku Russia. Tsono chimene chiyenera kumveka bwino, pakuti ndipo pagona vuto lonse la kwathu kuno, nchakuti miyala ya Jurassic ya ku Ulaya idayalidwa pansi pa nyanja yamchere, ndipo ili yodzala ndi nkhono zopiringizika zotchedwa ammonite, zimene mitundu yake idali kusinthika msangamsanga ndi kufalikira m'nyanja zonse. Albert Oppel, pakati pa 1856 ndi 1858, adagawa Jurassic m'timagawo tating'ono potsata nkhono zimenezi. Ndipo kufikira lero chiyambi cha Jurassic chimadziwika ndi kuoneka kwa ammonite ina pa phiri la Kuhjoch ku Austria, malo amene akatswiri a mayiko onse adawavomereza mu 2010. Koma chigwa cha Luangwa chidali pakati pa mtunda, kutali ndi nyanja yamchere, ndipo nkhono zimenezo mulibemo. Chotero wofuna kudziwa msinkhu wa miyala ya kwa Tembwe sangafunse ku Jura mwachindunji. Ayenera kufunsa kwa anansi, ndi anansiwo afunse anansi awo, kufikira uthenga utafika kumene kuli mboni.

Mnansi woyamba kufunsidwa adali dziko louma la Karoo ku South Africa. Kumeneko Andrew Geddes Bain, womanga misewu, adayamba kutola zigaza zosanduka miyala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830 pafupi ndi Fort Beaufort, nazitumiza ku London, kumene Richard Owen mu 1845 adazitcha Dicynodon. Zidali nyama za miyendo inayi zodya zomera, za mlomo wolimba wonga wa kamba, ndipo zambiri zidali ndi mano awiri okha aatali otsika kuchokera kunsagwada yam'mwamba. Popeza miyalo ya ku Karoo idasanjikizana mosadukiza kwenikweni kuyambira nyengo imene madzi oundana adaphimba kummwera kwa Africa, zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, kufikira pamene chiphalaphala cha moto chidaivundikira zaka pafupifupi 183 miliyoni zapitazo, akatswiri adatha kuigawa potsata nyama zopezekamo, gawo lililonse nalitcha dzina la nyama yodziwika ya m'menemo, monga Cistecephalus, Lystrosaurus ndi Cynognathus. Dzina la Karoo lidakhala mfunda wa miyala yonse ya nyengo zimenezo kuno kummwera kwa Africa: ya malasha a ku Hwange, ku Maamba, ku Moatize ndi ku Mchenga kufupi ndi Livingstonia, ya ku Metangula m'chigawo cha Niassa, ya ku Ruhuhu ku Tanzania, ndi ya m'chigwa cha Luangwa. Zigwa zimenezi zidapangika pamene dziko lidang'aluka, chigawo chapakati nichititimira pang'onopang'ono, mitsinje ndi nyanja zamadzi ozizira nizidzazamo matope ndi mchenga.

Munthu amene adayamba kulongosola mwadongosolo miyala ya kumtunda kwa Luangwa sadachokere ku Lusaka kapena ku Livingstone, koma ku Zomba. Iyeyo ndiye Frank Dixey, amene adatsogolera ntchito yofufuza miyala m'dziko la Nyasaland kuyambira 1921 kufikira 1939. Adali atayendera kale miyala ya ku Chiweta m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, kumene kudapezeka mafupa a nyama za nyengo ya Permian, ndipo adatsikira m'chigwa cha Luangwa mu 1928 ndiponso mu 1935, nasindikiza zimene adapeza mu 1937. Mafupa amene adatola adakawalongosola Lieuwe Boonstra wa ku Cape Town mu 1938. Masiku amenewo m'chigwa mudali kashembe wosalola ng'ombe kapena bulu, kotero kuti hema, ufa, nyundo ndi miyala yomwe zidayenda pamitu ya amtengatenga, ndipo njira ya kumakwawa kumene mafupa adali kuonekera adaidziwa ndi eni dziko. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona, Dixey adadza nako. Koma kalumoko sikakadameta kanthu pakadapanda omuonetsa njira, amene mayina awo sali pa muyalo uliwonse kapena pa fupa lililonse.

Dixey yemweyo ndiye akutipatsa phunziro lalikulu la kuopsa kwa kufulumira kutchula mfunda. M'zaka za m'ma 1920 adafufuza miyala yofiirira ya m'boma la Karonga, cha ku Mwakasyunguti, m'mene mudali mafupa a zinyama zazikulu zotchedwa dinosaur, naitcha Dinosaur Beds. Pa nthawiyo mbiri yomveka padziko lonse idali ya phiri la Tendaguru kufupi ndi Lindi ku Tanzania, kumene Ajeremani, pamodzi ndi antchito mazanamazana otsogozedwa ndi kapitawo wawo Boheti bin Amrani, adafukula pakati pa 1909 ndi 1913 mafupa amene ena a iwo aimikidwa ku Berlin kufikira lero. Ku Tendaguru kudali mwayi wakuti miyalo ya mafupa idalowerana ndi miyalo ya m'nyanja yokhala ndi ammonite, kotero kuti msinkhu wake, zaka pafupifupi 150 miliyoni, chakumapeto kwa Jurassic, uli ndi mboni. Sidney Haughton, polongosola mafupa a ku Karonga mu 1928, adawapatsa dzina lakuti Gigantosaurus dixeyi, ndiko kuwalowetsa mu mtundu umodzi ndi chinyama china cha ku Tendaguru. Ndipo ubale umenewo udakhala m'mabuku zaka zambiri. Koma pamene Louis Jacobs ndi anzake adapita ku Mwakasyunguti kuyambira 1984, mogwirizana ndi nthambi ya boma la Malawi yoona zinthu zakale, nafukula mafupa ochuluka ndi osungika bwino, kudaoneka kuti chinyamacho ndi cha mtundu wina, ndi kuti miyalayo ndi ya nyengo yotsatira, kuchiyambi kwa Cretaceous. Mu 1993 chidatchedwa Malawisaurus dixeyi, ndipo mmodzi wa olemba dzinalo adali mwana wa dziko lomwelo, Elizabeth Gomani, amene pambuyo pake adatchanso Malawisuchus mu 1997 ndi Karongasaurus mu 2005. Haughton sadali munthu wosasamala. Adaweruza ndi mafupa ochepa amene adali nawo. Koma kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kufanana kwa nkhope si umboni wa ubale.

Mayina amene tigwiritsa ntchito lero m'chigwa cha Luangwa adakhazikika makamaka ndi anthu awiri, Alan Drysdall wa nthambi yofufuza miyala ya boma la Northern Rhodesia ndi James Kitching wa ku Bernard Price Institute ku Johannesburg, amene adayenda m'dera la mtsinje wa Luwumbu ndi la Sitwe mu 1960 ndi 1961, nasindikiza lipoti lawo mu 1963, dziko la Zambia litatsala chaka chimodzi kuti lilandire ufulu. Tiyeni tikwere miyaloyo monga idasanjikizirana. Pansi penipeni, pamwamba pa miyala yakalekale yolimba imene ili maziko a dziko, pali Luwumbu Coal Formation, wa nsangalabwi, mchenga ndi timiyalo ta malasha. John Utting, atapima mungu wa zomera zakale wosungika m'menemo, adaonetsa mu 1976 kuti ndi wa mbali yoyamba ya Permian, mbale wa miyala ya malasha ya m'zigwa zina za Karoo. Pamwamba pake pali Madumabisa Mudstone, matope ouma otuwa mobiriwira amene adadikha pansi pa nyanja ndi m'madambo. Kenaka pali Escarpment Grit, mwala wa mchenga wokhakhala wosanganikirana ndi nsangalabwi, umboni wakuti nyanja idaphwa ndipo mitsinje yaukali idatenga malo ake. Pamwamba pa umenewo pali Ntawere Formation, kenaka Red Marl wofiira, ndipo potsiriza Upper Grit.

M'mayina amenewa muli nkhani. Luwumbu ndi Ntawere ndi mayina a m'chigwa momwemo. Koma Madumabisa ndi malo a kufupi ndi Hwange ku Zimbabwe, ndipo Escarpment Grit nalonso lidachokera kuchigwa cha Zambezi. Pobweretsa mayina achilendowa ku Luangwa, akatswiriwo adali kulengeza poyera kuti matope a kuno ndi matope a ku Hwange ndi a mbumba imodzi. Ndipo potcha Ntawere dzina latsopano adali kuvomera kuti muyalo umenewo uli ndi khalidwe lakelake losayenera kubisidwa pansi pa dzina la eni ake ena. Dzina lobwereka ndi chigamulo, ndipo dzina latsopano ndi chigamulonso.

Umboni wa chigamulocho umatoledwa ndi manja, m'chilimwe, udzu utapsa. Wofufuza amayenda choweramira m'zigwembe zimene mvula idakumba m'matope a Madumabisa, kumene nthaka imanyenyeka kukhala tizidutswa totuwa, nayang'ana timiyala tolimba tobulungira, tina ngati nkhonya tina ngati dzungu, timene laimu adaundana mozungulira chinthu chakufa. Tambiri mulibe kanthu. Koma pa kena amaona kadontho koyera kapena kodera kokhala ndi timabowo tosaoneka bwino, ndipo akakanyowetsa ndi malovu nakatembenuza padzuwa, amazindikira mphako ya diso, mzere wa nsagwada, kapena dzino lothyoka looneka mizeremizere yozungulira mkati mwake. Asanakanyamule amalemba malo ake enieni ndi muyalo umene kachokeramo, pakuti fupa losadziwika pamene lidagona lataya theka la umboni wake. Kitching, amene maso ake pa ntchito imeneyi adali otchuka mu Africa yense, adatola mafupa mazanamazana mwa njira yomweyi. Pambuyo pake padadza gulu la British Museum ndi University of London mu 1963, ndi gulu la Tom Kemp wa ku Oxford mu 1974. Ndipo pamene Kenneth Angielczyk wa ku Chicago ndi anzake adapendanso mu 2014 nyama za mtundu wa dicynodont za m'chigwachi, adapeza kuti za kumtunda kwa Madumabisa zigwirizana ndi gawo la Cistecephalus la ku Karoo, limene msinkhu wake, woyezedwa m'phulusa la mapiri a moto, ndi zaka pafupifupi 255 miliyoni. Nyama yopanda mano yotchedwa Oudenodon ipezeka ku Luangwa, ku Chiweta, ku Ruhuhu ndi ku Karoo komwe; ndiyo ulusi wosoka zigwa zinayi pamodzi.

Muyalo wa Ntawere udafikitsa dzina la chigwa chathu kutali koposa. Mu 1963 A. S. Brink adalongosola kanyama ka m'menemo, ka m'gulu limene nyama zoyamwitsa zidachokeramo, nakatcha Luangwa drysdalli. Mu 1969 Barry Cox adatcha Zambiasaurus ndi Sangusaurus. Ndipo mu 2013 Brandon Peecook ndi anzake adatcha Lutungutali sitwensis, mbale wapafupi wa makolo a dinosaur, wopezeka kufupi ndi Sitwe. Chodabwitsa nchakuti mu 2004 kanyama ka mtundu womwewo wa Luangwa kadalongosoledwa kuchokera kummwera kwa Brazil, nikatchedwa Luangwa sudamericana, ndipo kadapezekanso ku Namibia. Kanyama koyenda pamtunda sikakadaoloka nyanja ya Atlantic. Chimene chidachitika nchakuti nyanjayo kudalibe, ndipo Africa ndi South America adali mtunda umodzi wotchedwa Gondwana, monga Alfred Wegener ndi Alexander du Toit adalimbikira kunena pamene ambiri adali kuwakana. Komatu ngakhale pano mlandu sudathe. Kwa zaka zambiri Ntawere adayesedwa wa pakati pa Triassic chifukwa cha ubale wake ndi gawo la Cynognathus la ku Karoo. Koma mu 2014 miyala ya ku Argentina yokhala ndi nyama zofanana idayezedwa nipezeka ya zaka pafupifupi 236 miliyoni, ndiko kuti yocheperapo msinkhu kusiyana ndi m'mene anthu adaganizira, ndipo akatswiri akukambiranabe tanthauzo la zimenezi kwa miyala ya ku Zambia ndi ku Tanzania. Ubale ukayenda mwa unyolo, mphete imodzi ikasuntha zonse zimagwedezeka.

Tsono tafika pa funso la Jurassic m'chigwa cha Luangwa. Kummwera, m'chigwa cha Zambezi, yankho lake lilipo, chifukwa miyala ya mchenga ya kumeneko idavundikiridwa ndi chiphalaphala chotchedwa Batoka Basalt, mwala wakuda umene madzi a Mosi-oa-Tunya amagwerapo, ndipo chiphalaphala chimatha kuyezedwa msinkhu: ndi cha zaka pafupifupi 180 miliyoni, kuchiyambi kwa Jurassic. Pansi pake ku Zimbabwe pali Forest Sandstone wokhala ndi mafupa a Massospondylus, dinosaur yodziwikanso ku South Africa ndi ku Lesotho. Ndipo pa chilumba china cha m'nyanja ya Kariba padapezeka mu 1969 mafupa amene Michael Raath adawatcha Vulcanodon mu 1972. Kumeneko mboni zilipo pansi ndi pamwamba. Koma kumtunda kwa Luangwa miyala ya Karoo ilibe chivundikiro chotero cha chiphalaphala, ndipo Upper Grit, muyalo wa mchenga wofiirira umene uli pamwamba pa yonse, sudapereke mafupa oti nkugamulira msinkhu wake. Amene amauika kumapeto kwa Triassic kapena kuchiyambi kwa Jurassic amatero chifukwa cha malo ake pamwamba pa Ntawere ndi Red Marl, ndiponso chifukwa cha kufanana kwake ndi miyala ya mchenga ya ku Zambezi. Kulingalira kumeneko nkwanzeru, koma tikakumbukira za ku Karonga tiyenera kunena kuti ndi mlendo amene watchula mfunda wake koma agogo ake sanatsimikizike.

Wina angafunse kuti mlimi wa mpunga wa kwa Tembwe apindulanji ndi mikangano imeneyi. Yankho nlakuti chuma chobisika m'nthaka chimatsata miyalo, ndipo wodziwa ubale wa miyalo amadziwa pokumba ndi posakumba. Malasha a m'zigwa zonsezi ali m'miyalo yapansi ya Karoo. Miyala ya yureniyamu ya ku Kayelekera, kumene mgodi udatsegulidwa mu 2009, ili m'mchenga wa Karoo. Ndipo wokumba mjigo akalasa mchenga amapeza madzi, pamene akalasa matope okhaokha amataya ndalama za mudzi. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya ku America ya Placid Oil idafufuza mafuta m'chigwa cha Luangwa, nikumba zitsime ziwiri zakuya, chimodzi mwa izo chotchedwa Chama-1; mafuta oti nkugulitsa sadapezeke, koma ofufuzawo, kuti adziwe pamene chitsulo chawo chidafika pansipo, adadalira mayina omwewo amene Drysdall ndi Kitching adatcha akuyenda pansi ndi nyundo m'manja. Iwo amene adzabwera m'tsogolo ndi mapepala opempha malo adzalankhula chilankhulo chomwechi, ndipo mfumu, nduna zake ndi anthu ake ayenera kukhala ndi ana awo ochimva, kuti pabwalo pasakhale mbali imodzi yokha yodziwa chimene chili pansi pa mphasa. Paja safunsa adadya phula.

Pali chinthu chimodzi chimene chasintha, ndipo ndichiyamikira ndi mtima wonse. Mafupa amene adatoledwa m'masiku a atsamunda ndi zaka zotsatira ali ku Cape Town, ku Johannesburg, ku London ndi ku Oxford. Koma lamulo la 1989 lidaika zinthu zotere m'manja mwa bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo amene atoledwa kuyambira 2009, pamene Christian Sidor wa ku University of Washington, Angielczyk ndi anzawo adayamba maulendo atsopano pamodzi ndi bungwelo, amalembedwa m'kaundula wa dziko la Zambia nakhala chuma chake. Chatsala nchakuti ana a m'chigwa asakhale osenza ndi olozera njira okha, koma akhalenso openda ndi otcha mayina, monga adachitira Elizabeth Gomani kutsidya kwa malire. Sukulu ya zamigodi ya pa University of Zambia imaphunzitsa za miyala, ndipo palibe chifukwa chakuti mwana wa ku Tembwe, wa ku Kambombo kapena wa ku Chikwa asakhale pa mipando imeneyo.

Mlandu wa Upper Grit udzagamulidwa ndi chinthu chaching'ono: dzino limodzi la dinosaur lopezeka pamalo pake, mungu wosungika m'kamuyalo ka matope, kapena phulusa la phiri la moto loti nkuyezedwa. Zinthu zotere siziyembekeza nyengo ya alendo. Mvula imazivundukula mu Januwale, ndipo ikabweranso imazikokolola, kotero kuti woyamba kuziona kawirikawiri ndi mnyamata wopita kukawedza kapena mayi wotsikira kumtsinje. Chifukwa chake ndipempha aphunzitsi a m'boma la Chama kuti aphunzitse ana mayina asanu ndi limodzi a miyalo ya kwawo monga awaphunzitsira mayina a mitsinje, ndi kuwauza kuti akaona fupa m'mwala asalizule kapena kuligulitsa, koma asunge malowo m'mutu, akauze anyakwawa, ndipo uthenga ufike kwa mfumu ndi kwa bungwe losunga zakale. Dixey adayamba ntchitoyi, Drysdall ndi Kitching adaikonza, ena adaiwonjezera, ndipo aliyense wa iwo adasiya poti wotsatira akonze. Pakuti mutu umodzi susenza denga. Gawo limene latsala lili pamwamba penipeni pa miyaloyo, pafupi ndi minda ya anthu, ndipo nkoyenera kuti amene adzatsimikize mfunda wake adzakhale mwini dziko.